Funsani Tiyankhe: Pamene matauni a ku Germany ankadinda ndalama zawozawo

Mwezi watha tinatulutsa chithunzi cha kandalama kapepala komwe aphunzitsi ena a ku Dedza anatitumizira, ndipo tinalonjeza kuti tiyankha. Chithunzicho chautsa makalata ena atatu, ndiye ndawayankha onse pamodzi.

FUNSO: Ndinagula buku lakale la nyimbo za Chijeremani kwa anyamata ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, poti ndimaphunzitsa kwaya. M'kati mwake ndinapezamo kapepala kamitundumitundu, kosakwana ndi chikhatho chomwe. Kalembedwa Eisenach, 50 Pfennig, 1921, ndipo kali ndi chithunzi cha Martin Luther. Kodi imeneyi ndi ndalama yeniyeni? Nanga bwanji ili ndi dzina la tauni m'malo mwa dzina la dziko? Ndingaigulitse zingati? — Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, chimene mwatolacho eni ake amachitcha Notgeld, ndalama zapangozi. Ndi chenicheni ndithu. Koma kuti mumvetse chifukwa chake tauni inadinda ndalama, tibwerere ku 1914.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, Mjeremani akati ndalama ankanena golide ndi siliva wa m'thumba mwake. Mark imodzi inali ma pfennig 100, ndipo dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ma mark 4.20. Mphekesera za nkhondo zitangomveka mu Julayi 1914, anthu anathamangira kumabanki kukatapa ndalama zachitsulo n'kuzibisa m'nyumba. Pa 4 Ogasiti boma linaletsa banki yaikulu, Reichsbank, kupereka golide kwa munthu wobwera ndi ndalama yapepala. Pasanathe masiku, m'misika munalibe chenji, ndipo mabwana analibe cholipira antchito. Pa 31 Julayi 1914 kampani ina yofulula mowa ku Bremen, Bürgerliches Brauhaus, inali itatulutsa kale timapepala take ta mark imodzi, ma mark 2 ndi ma mark 2.50. Matauni a m'malire anatsatira, makamaka a ku East Prussia komwe asilikali a Russia anali atalowa. Ndalama za chaka chimenecho sizokongola ayi. Zambiri ndi kapepala wamba kapena kakatoni, kotayipidwa kapena kolembedwa pamanja, kokhala ndi chidindo cha khonsolo ndi siginecha ya meya basi.

Vuto lachiwiri linabwera cha mu 1916. Mkuwa ndi nickel zinkafunika kumafakitale a zipolopolo, ndiye boma linayamba kutolera makobili akale n'kumasula ena a chitsulo wamba ndi zinki, koma osakwanira. Apa m'pamene matauni, mabanki a makhonsolo, mabungwe a amalonda ngakhale mafakitale anayamba kudinda ndalama za ma pfennig 10, 25 ndi 50 mwaunyinji. Lamulo silinkawapatsa mphamvu yotero, koma boma linkangoyang'ana kumbali poti linalibe njira ina. Nkhondo ikupita kumapeto, mu Okutobala 1918, Reichsbank yeniyeniyo inachita kupempha mizinda ikuluikulu kuti idinde ndalama za ma mark 5, 10, 20 mpaka 50.

Pa ndalama zonse za nthawi ya nkhondoyo, imene imandikhudza mtima ndi ya ma pfennig 50 ya tauni ya Niederlahnstein, ya 1917. Mbali imodzi anajambulapo ntchafu ya nkhumba yonona, mbali inayo ma turnip. Zombo za Britain zinali zitatseka njira zapanyanja, mbatata zinakanika mu 1916, ndipo m'nyengo yozizira yotsatira anthu anapulumukira ma turnip, mbewu yomwe kale ankadyetsa ziweto. Nyama ija inali yongolakalaka. Mayi wopita kusitolo ndi kapepala kameneka ankaona njala yake yomwe itajambulidwa pandalama, ndipo anajambulitsa ndi akuluakulu a tauni yake.

Tsono yanuyo ndi ya m'gulu lina. Nkhondo inatha mu Novembala 1918, koma pofika nthawi imeneyo kunali kutabadwa anthu osonkhanitsa timapepalati ngati mmene ena amasonkhanitsira masitampa. Makhonsolo anazindikira kuti kapepala kalikonse kamene kamatidwa m'buku la wosonkhanitsa sikadzabweranso kudzawomboledwa, ndipo ndalama imene anakagulira itsala m'thumba la tauni. Kuyambira 1920 mpaka 1922 matauni, ngakhale timidzi ting'onoting'ono, anapikisana kutulutsa ndalama zokongola m'magulumagulu, gulu lililonse likufotokoza nkhani yake. Hameln inajambula woimba chitoliro wa m'nthano yawo, uja anatulutsa makoswe mumzinda. Eisenach inasankha Luther chifukwa mu 1921 zinakwana zaka 400 chifikireni iye ku nyumba yachifumu ya Wartburg, pamwamba pa tauniyo, pa 4 Meyi 1521. Kumeneko n'kumene anabisala n'kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani. Banki ya khonsolo ya Bielefeld, pansi pa mkulu wake Paul Hanke, inafika podinda ndalama pansalu ya silika ndi ya bafuta. Ku Osterwieck anadinda pachikopa, ndipo fakitale ya mbale zadothi ya Meissen inaumba makobili adothi. Zambiri mwa zimenezi sizinagulepo ngakhale buledi mmodzi. Zinkachoka kosindikizira n'kupita kwa wogulitsa, kuchoka apo m'buku. Boma litatopa nazo linakhazikitsa lamulo loziletsa pa 17 Julayi 1922.

Sizonse zili zosangalatsa kuziyang'ana. Pali zina zodandaula za pangano la Versailles, lomwe Germany inakakamizidwa kusayina itagonja pankhondo, ndi madera amene Germany inalandidwa, ndipo pali zina, monga ya ku Tostedt ya 1921, zonyoza Ayuda poyera. Chidani chimene chinadzapha anthu mamiliyoni patapita zaka 20 chinali chitayamba kale kuyenda m'manja mwa anthu, chili ndi chidindo cha akuluakulu.

Za mtengo, ndisakunamizeni. Ndalama za m'gulu lanuli zinadindidwa zambirimbiri ndipo zinasungidwa bwino poti sizinkayenda m'misika. Ku Ulaya zambiri zimagulitsidwa pa mtengo wa euro imodzi kapena ochepa chabe. Mtengo wotumizira kapepalako ungapose zimene mungalandire. Ine ndikanakhala inu ndikanakaika m'kapulasitiki kouma, kutali ndi dzuwa ndi chiswe, n'kumakaonetsa ana a Fomu 3 ndi 4 pophunzira za Germany ya pakati pa nkhondo ziwiri. Mwana akagwira chinthu ndi manja ake saiwala msanga.

FUNSO: Ine ndili ndi golosale. Chimene sindikumvetsa n'chakuti wamalonda wanzeru zake ankalandira bwanji pepala lolembedwa ndi khonsolo. Sankaopa kuberedwa? — Mayi wa bizinesi, Mchinji

YANKHO: Mayi, mwina inu nomwe munachitapo zimenezi: chenji chikasowa mumalemba pakapepala kuti kasitomala watsala ndi K200, n'kusayina, iye n'kudzakagwiritsa ntchito mawa. Amavomera chifukwa akukudziwani ndipo akudziwa kuti golosale siithawa usiku. Notgeld ya nthawi ya nkhondo inkayenda chomwecho. Papepalapo ankalemba amene adzaliwombole, kawirikawiri ofesi ya zachuma ya khonsolo kapena banki yake, komanso tsiku limene lidzathe ntchito, kapena kuti lidzatha pakapita nthawi yakuti chilengezo chikatuluka m'nyuzipepala. Wamalonda ankadziwa khomo lokagogoda. Khonsolo yomweyo ndi imene inkatolera misonkho, ndipo m'mizinda yambiri inkagulitsanso madzi, gasi ndi matikiti a sitima zam'misewu, choncho pepala lake linali ndi kobwerera.

Malire ake analipo. Ndalama ya tauni ino sinkagwira ntchito kutali, ndipo munthu wapaulendo ankavutika nazo. Komanso amene waiwala tsiku lothera ankangotsala ndi pepala. Chinanso, ndalama zake zinali zazing'ono, moti ngakhale wina akubere ma pfennig 25 sizikanagwetsa sitolo. Kukana kulandira ndiye kukanagwetsa sitolo, chifukwa kasitomala analibe china chobweretsa.

FUNSO: Ndinakhala ku Harare nthawi ya mavuto a 2008, ndipo mpaka pano ndikusunga pepala la madola 100 thiriliyoni. Kodi za ku Germanyzi si zomwezo zimene tinaona ife? — Bambo wa ku Highfield, Harare

YANKHO: Bambo, inu ndi amene mungamvetse chaka cha 1923 kuposa ambiri a ife. Koma tisiyanitse kaye. Zimene ndafotokoza pamwambapa zinabwera chifukwa chosowa chenji, mark ikadali ndi mphamvu ndithu. Za 1923 zinabwera mark yeniyeniyo itafa.

Germany inamenya nkhondo ndi ngongole, poganiza kuti ikapambana adani ndiwo adzalipire. Inagonja, ndipo mu 1921 anaigamula chipukutamisozi cha ma mark agolide 132 biliyoni. Mu Januwale 1923 France ndi Belgium zinalowetsa asilikali m'dera la Ruhr, la migodi ya malasha ndi mafakitale azitsulo, ponena kuti Germany ikuzengereza kupereka malasha ndi matabwa. Boma la ku Berlin linauza antchito a kumeneko kuti anyanyale ntchito, ndipo linkawalipira ndi ndalama zongodinda. Makampani osindikiza oposa 130 ankagwirira ntchito Reichsbank usana ndi usiku, koma mitengo inkathamanga kuposa makina. Lamulo lija la 1922 linangokhala la papepala. Mizinda, mafakitale ndi kampani ya njanji ya boma zinayambanso kudinda, tsopano ndalama za mamiliyoni ndi mabiliyoni, ndipo odinda anali masauzande. Ena ankangotenga mapepala akale n'kudindapo nambala yatsopano pamwamba. Antchito ankalandira malipiro tsiku lililonse, ena kawiri pa tsiku, akazi awo akudikirira pageti kuti athamangire kusitolo mtengo usanasinthe. Mu Novembala buledi mmodzi ku Berlin anafika ma mark pafupifupi 200 biliyoni. Pa 20 Novembala 1923 dola imodzi, ija ya ma mark 4.20, inali ma mark 4,200,000,000,000.

Apa ndiye ndimawadandaula okalamba a nthawi imeneyo. Munthu amene anasunga ndalama kubanki moyo wake wonse, kapena amene anabwereketsa boma ndalama zankhondo pokhulupirira kuti akuthandiza dziko, anapeza kuti zonse pamodzi sizingagule sitampa. Amene anali ndi ngongole zikuluzikulu, kuphatikizapo boma lenilenilo, anazibweza ndi mapepala opanda pake. Notgeld ya 1923 inathandiza kuti malipiro azituluka, inde, koma inawonjezeranso moto, chifukwa fakitale yodinda ndalama zake lero n'kudzaziwombola pakatha milungu iwiri inkapeza phindu pamsana pa antchito ake omwe.

Chimene mungachizindikire msanga ndi ichi. Chakumapeto kwa chakacho matauni ena anasiya kulemba ma mark n'kuyamba kulemba zinthu: pepala loimira muyezo wakuti wa mbewu ya rye, shuga, nkhuni, kapena mtengo wa golide ndi dola. Kwanuko makuponi a petulo anagwira ntchito yomweyo mu 2008, anthu akugulira katundu ndi malita m'malo mwa madola. Ndipo mu 2003, ndalama zapepala zitasowa, kampani yogula thonje ya Cargill inatulutsa macheke akeake olipirira alimi, amene ankayenda ngati ndalama. Imeneyo ndiyo inali Notgeld yeniyeni ya ku Zimbabwe. Pepala lanu la 100 thiriliyoni, la Januwale 2009, linatuluka ku Reserve Bank, choncho mnzake ndi pepala la ma mark 100 thiriliyoni la Reichsbank, osati la tauni.

Ku Germany zinatha pa 15 Novembala 1923 pamene anatulutsa ndalama yatsopano, Rentenmark, imodzi yosinthidwa ndi ma mark akale thiriliyoni imodzi. Hjalmar Schacht, yemwe anapatsidwa udindo woyang'anira ndalama mwezi womwewo, anaumirira kuti Reichsbank isiye kulandira Notgeld. Eni mafakitale a ku Rhineland ndi ku Ruhr anakalipa kwambiri, koma iye sanagonje, ndipo mu 1924 ndalama za matauni zinazimiririka.

FUNSO: Agogo anga aamuna anasiya kachitini momwe muli mapepala asanu ofiirira olembedwa Eine Rupie ndi chiwombankhanga, kuseri kuli manambala ndi mawu ena ooneka ngati Chiswahili. Bambo anga ankati abambo a agogowo anabwera nawo kuchokera kunkhondo ya Ajeremani. Tsopano kwabwera munthu wina akuti mapepalawa ndi a ndalama zankhaninkhani, ndimupatse kaye K150,000 yoti akawapimitse ku Mbeya. Nditani? — Mdzukulu, Karonga

YANKHO: Achimwene, choyamba, musapereke ngakhale tambala, ndipo mapepalawo asachoke m'nyumba. Wogula weniweni salipiritsa mwini katundu. Nkhani yoti marupiya a Mjeremani ali ndi mphamvu zachilendo kapena mtengo wa nyumba yadyetsa anthu ambiri chuma chawo m'chigawo chino, ndipo olemera nayo ndi opimitsawo.

Chachiwiri, zimene muli nazozo ndi abale enieni a Notgeld, ndipo mbiri yake inadutsa pakhomo panu pomwepo. Tsidya la Songwe linali German East Africa, ndipo ndalama yake inali rupiya, imodzi ma heller 100. Ndalamazo zinkapangidwa ku Germany. Nkhondo itayamba, zombo za Britain zinatseka gombe ndipo sipanabwerenso ndalama zatsopano, pamene anthu anabisa marupiya asiliva monga anachitira a ku Germany. Kuyambira 1915 banki ya Deutsch-Ostafrikanische Bank inayamba kutulutsa mapepala ongoyembekezera, odindidwa konko ndi makina osindikizira nyuzipepala. Pepala labwino litatha anagwiritsa ntchito lililonse lopezeka, la m'maofesi ngakhale lokutira katundu, n'chifukwa chake mitundu yake ndi yosiyanasiyana. Chiswahili chimene mwachionacho ndi chouza wolandira kuti mtengo wa pepalalo wasungidwa kuboma la atsamunda. Taonani bwino kutsogolo: mupeza deti, kawirikawiri la 1915 kapena 1916, ndi masiginecha awiri.

Ku Tabora, komwe bwanamkubwa Heinrich Schnee anasamutsira boma, anasula makobili a ma heller 20 ndi mkuwa wotoleza, komanso mu 1916 ndalama yagolide ya marupiya 15 yokhala ndi njovu, golide wake wochokera ku mgodi wa Sekenke. Anasula pafupifupi 16,000 zokha. Imeneyo ndiyo yodula zedi, ndipo ndi imene inabala mphekesera zonsezi, koma zabodza zake n'zochuluka. Tabora ndi Dar es Salaam zitalandidwa mu Seputembala 1916, asilikali a Germany otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck anathawira kumwera, ndipo mu 1917 ankadinda ndalama kutchire ndi zilembo zalabala za kachidindo koseweretsa ana. Za kutchirezo zimaoneka zokhotakhota, ndipo osonkhanitsa amazifuna kuposa zinazo. Koma mapepala wamba a rupiya imodzi a 1915 ndi 1916 anadindidwa ochuluka kwambiri, ndipo mtengo wake lero ndi wochepa, makamaka akakhala opindika kapena odyedwa m'mbali.

Ine chimene ndikuona m'kachitinimo ndi munthu amene anabwera nako. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Inafika ku Karonga pa 9 Seputembala 1914, Ajeremani ataukira boma kuchokera kumpoto, ndipo manda a ophedwa tsiku limenelo alipo mpaka lero. Mu Meyi 1916 gulu lankhondo la Britain lotsogozedwa ndi General Edward Northey linawoloka malire kulowa mu German East Africa, ndipo chakudya ndi zipolopolo zake zonse zinayenda pamitu ya anthu. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya Novembala 1914 kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza. Lettow-Vorbeck anawoloka Ruvuma kulowa mu Mozambique mu Novembala 1917, n'kudzatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Kulikonse kumene magulu awiriwa anadutsa, nkhokwe zinatsala zopanda kanthu. Nzika ya ku Niederlahnstein inali ndi ofesi ya khonsolo yokawombolerako pepala lake. Mlimi wa kumwera kwa Tanganyika amene analandira rupiya yapepala posinthana ndi mapira ake anadzuka tsiku lina boma lolonjeza lija litapita.

Chitani izi. Ngati kuli okalamba a m'banja mwanu amene anamvako nkhani za agogo aakuluwo, khalani nawo pansi mwezi uno, mufunse ngati anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Afirika omenyera Britain) kapena wa mtengatenga, anafika kuti, anabwera liti, ndipo mulembe. Mapepalawo muwachotse m'chitini chifukwa dzimbiri limadya pepala, muwayale osapinda pakati pa mapepala oyera ouma, osawamata ndi selotepi kapena kuwasita. Muwajambule mbali zonse ziwiri ndi foni. Mukafuna wina woti awaone, pitani nazo zithunzizo ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga konko, ndipo mutitumizireko ifenso kuti tione deti ndi zilembo za kuseri.